Nkhuli ya Bwanoni ndi Ulendo wa Dzombe

M'chaka cha 1970, ndili mwana wa zaka khumi, ndinayambana ndi mkulu wanga chifukwa cha bwanoni. Inali nyengo ija mvula imakhala ikutsazika, udzu wa m'madambo a kwathu ku Salima utabereka, mpunga nawo utayamba kuweramitsa ngala. Tsiku limenelo ndinaswera m'mphepete mwa dambo, ndipo pofika madzulo ndinali nditagwira abwanoni 30. Ndinawawerenga kawiri, n'kuwaika amoyo m'chitini pamodzi ndi udzu wauwisi, kukamwa kwa chitinicho n'kutsekako ndi chiguduli, poganiza kuti ndiwakazinga m'mawa. Kutacha ndinapezamo 25 okha. Pansi pa chitinicho panali mapiko, timiyendo ndi mitu ingapo, ndipo mmodzi mwa otsalawo anali ndi bowo pamimba. Sindinaganizenso kawiri. Ndinathamangira kwa agogo aakazi ndikulira, n'kuwauza kuti achimwene andibera ndiwo usiku.

Agogo anasuzumira m'chitinimo, kenaka anaseka mpaka kutsokomola. "Iwe mdzukulu wanga," iwo anatero, "ndi wakuba wanji wodya mimba yaiwisi n'kukusiyira mitu? Wakuba wako ali momwemu. Bwanoni ukamutsekera ndi anzake usiku wonse amadyana. N'chifukwa chake ife tikagwira timamuthira m'madzi otentha tsiku lomwelo." Ine ndinafunsa kuti, "Nanga agogo, akudyeranji anzake poti ndinawaikiramo udzu?" Iwo anayankha kuti, "Udzu umapha njala, koma supha nkhuli."

Yankho limeneli ndinalisunga mumtima zaka zambiri osadziwa kulemera kwake. Ndinapita ku koleji ya aphunzitsi, ndinaphunzitsa ana ambirimbiri za magulu a zakudya, ndipo ndinali nditayandikira kupuma pa ntchito pamene ndinazindikira kuti funso limene ndinafunsa agogo m'mawa uja linali litazunguza akatswiri a maiko ambiri kwa zaka zochuluka. Nkhani ino ndi mbiri ya funso limenelo: kodi n'chifukwa chiyani bwanoni, dzombe ndi abale awo amadyana okhaokha, ndipo kudyanako kwakhudza bwanji minda ndi miyoyo ya anthu?

Tiyambe ndi kumudziwa bwino bwanoni. Ambiri timamuwerengera m'gulu la ziwala, koma mukamuyang'anitsitsa muona kuti ngwosiyana nazo. Chiwala wamba, monga nunkhadala kapena tsokonombwe, chili ndi tinyanga tatifupi, pamene bwanoni ali ndi tinyanga tatitali, topyapyala ngati ulusi. Makutu a chiwala ali m'mbali mwa mimba, koma a bwanoni ali pamiyendo yakutsogolo, mmunsi mwa bondo. Wamwamuna amalira usiku pokhuza mapiko ake, ndipo wamkazi ali ndi kachida konga lupanga kumchira, kamene amaikira mazira pakati pa tsinde la udzu ndi tsamba lake. Ena amakhala obiriwira, ena odera ngati udzu wouma. Banja la tizilombo ta nyanga zazitalizi lili ndi mitundu yopitirira 6,000 pa dziko lonse, ndipo dzina la sayansi la bwanoni wathuyu ndi Ruspolia differens. Katswiri wa ku France, Audinet-Serville, ndiye anayamba kulemba za iye m'chaka cha 1838.

Chakudya chenicheni cha bwanoni ndi maluwa ndi njere za udzu, ndipo n'chifukwa chake amachuluka udzu ukabereka, amagwanso m'minda ya mpunga, mapira ndi mawere. Koma aliyense amene analumidwapo ndi bwanoni pachala akudziwa kuti nsagwada zake si zodyera udzu wokha. Ambiri a m'banja lake amadya zomera ndi nyama yomwe. Pamenepa ndi pamene mawu a agogo aja agona. Chichewa chimasiyanitsa njala ndi nkhuli. Munthu wa njala amafuna chilichonse chodzaza mimba, pamene munthu wa nkhuli angathe kukhuta nsima ya masamba koma thupi lake likulirabe nyama kapena nsomba. M'kalasi timati thupi likusowa zakudya zomanga thupi. Kachilombo kamene kakukula, kufundula ndi kupanga mazira kamasowa zomanga thupi zambiri ndiponso mchere, ndipo zinthu ziwirizi n'zochepa muudzu. Tsono m'tchire monse, chinthu chapafupi chimene chili ndi zomanga thupi ndi mchere pa mlingo woyenera kachilomboko ndi thupi la mnzake.

Agogo aja sanaphunzire zimenezi pa bwanoni yekha. Anaziona ali mtsikana pa dzombe, limene ndi mbale wa bwanoni wa nyanga zazifupi. Dziko lino linasautsidwa ndi dzombe m'zaka za m'ma 1890, nthawi yomwenso kunagwa mliri wa ng'ombe ndi matekenya. Koma dzombe limene agogo ankalisimba ndi lofiira lija limene linabuka m'chaka cha 1930 kuchokera m'madambo a Mweru wa Ntipa, kumpoto kwa dziko limene lero ndi Zambia, ndi a Rukwa ku Tanzania. Mliri umenewu unatenga zaka 14, kufikira 1944, ndipo unakuta mbali yaikulu ya Africa ya kummwera. Agogo sankawerenga zaka ndi manambala. Ankangoti dzombe linafika njanji isanafike, ndipo tikudziwa kuti njanji inafika ku Salima mu 1935.

Iwo ankati dzombe likamabwera linkaoneka ngati utsi wa lupsa kumapiri, kenaka dzuwa linkachita mdima masana. Mudzi wonse unkathamangira kuminda ndi zitini, makasu ndi ng'oma kukachita phokoso, ena n'kusonkha moto wa masamba auwisi kuti utsi ulipirikitse. Usiku linkagona m'mitengo mpaka nthambi kuthyoka, ndipo mbandakucha, lisanawothe dzuwa, amayi ankaliwola m'madengu, kulifutsa ndi kuliyanika. Motero lomwe linadya munda linkasandukanso ndiwo. Koma choopsa koposa chinkabwera pambuyo. Dzombe linkaikira mazira m'nthaka, ndipo patapita mwezi umodzi mvula itagwa kunkatuluka ana opanda mapiko, oyenda pansi mwaunyinji ngati linthumbu. Amuna ankakumba ngalande kutsogolo kwawo kuti agweremo, n'kuwakwirira. Agogo ankati m'ngalandemo anaona okha anawo akudyana, ndipo ngakhale panjira, aliyense wothyoka mwendo kapena wotsalira pofundula ankazingidwa ndi anzake n'kutha nthawi yomweyo. "Dzombe silidikira wodwala," ankatero.

Nthawi imeneyo akatswiri anali atangoyamba kumvetsa kumene dzombe limachokera. Mu 1921 Boris Uvarov, wa ku Russia amene ankagwira ntchito ku London, anaonetsa kuti dzombe louluka m'magulu ndi chiwala china chofatsa chokhala pachokha si mitundu iwiri ayi, koma kachilombo kamodzi. Chikakhala patalipatali ndi chinzake chimakhala chamanyazi, chothawa anzake. Chikapanikizana ndi anzake chimasintha mtundu, maonekedwe ndi khalidwe, n'kuyamba kuyenda m'gulu. Nzeru imeneyi inasintha nkhondo yonse yolimbana ndi dzombe. Anthu anaona kuti kudikira gulu kumunda ndi chitini m'manja n'kuchedwa, ndipo kuti nzeru ndi kukalondera madambo amene limaswanako. Mu 1949 kunakhazikitsidwa bungwe la maiko angapo lolondera dzombe lofiira, likulu lake ku Abercorn, kumene lero ndi ku Mbala m'dziko la Zambia. Mu 1970, maiko atalandira ufulu, bungweli linakonzedwanso mwatsopano n'kutchedwa IRLCO-CSA. Malawi ndi membala wake, ndipo likulu lake linasamukira ku Ndola.

Ophunzira ambiri a ku Salima sadziwa kuti boma lawo lili pa mapu a alonda amenewa. M'Malawi muno, malo amene dzombe lofiira limayang'aniridwa ndi zigwa za nyanja ya Chilwa ndi Chiuta, komanso dambo la Mpatsanjoka, kufupi ndi Senga Bay. Dzombeli limaswa kamodzi pa chaka. Limaikira mazira mvula yoyamba ikagwa, ana amakula m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, ndipo amamera mapiko mvula ikamatha. M'chilimwe, anthu akatentha dambo, lonse limathawira pa timagawo tochepa ta udzu wosapsa, ndipo pamenepo ndi pamene limapanikizana. Mnyamata wosaka mbewa amene amaponya moto padambo saganiza kuti akukusira dzombe pamalo amodzi, monga momwe ine ndinakusira abwanoni m'chitini.

Uvarov anafotokoza chifukwa chimene dzombe limasonkhanira, koma funso lina linatsala. Likasonkhana, chimaliyendetsa n'chiyani? Gululi lilibe mfumu, lilibe wotsogolera, koma limayenda tsiku ndi tsiku, nthawi zina kudutsa pa msipu wabwino osaumaliza. Yankho linachokera kutali, kwa mbale weniweni wa bwanoni wokhala kumadzulo kwa dziko la United States.

Mu Julayi 1847 gulu la anthu a mpingo wa Mormon, motsogozedwa ndi Brigham Young, linafika m'chigwa cha nyanja ya mchere ku Utah n'kuyamba kulima. Chaka chotsatira, mbewu zawo zoyamba zitamera, kunatsika kuchokera kumapiri tizilombo takuda, tonenepa ngati chala chachikulu cha munthu, ta nyanga zazitali koma tosatha kuuluka. Tinalowa m'minda ya tirigu ndi nyemba. Alendowo anachita zonse zimene agogo anga anadzachita ku Salima patapita zaka 80 ndi mphambu: phokoso, moto, ngalande ndi zibonga. Mu Juni 1848 kunabwera mbalame zoyera za kunyanja, zonga zija timaziona zikutsata mabwato a asodzi, n'kuyamba kumeza tizilomboto. Gawo la mbewu linapulumuka, ndipo mu 1913 anthuwo anaimika chipilala chokumbukira mbalamezo mumzinda wa Salt Lake City. Eni nthaka a kumeneko, monga a mtundu wa Ute ndi Shoshone, anali asanaone tizilomboto ngati tsoka. Kwa iwo tinali ndiwo, monga alili bwanoni kwa ife. Kuyambira pamenepo kachilomboka kamatchedwa ndi dzina la mpingo uja, ndipo akatswiri amakatcha Anabrus simplex.

Mpaka lero tizilomboti timabuka zaka zina. Gulu limodzi litha kutalika makilomita 10 ndi kuyenda makilomita awiri pa tsiku. Tikamawoloka msewu, galimoto zimatiponda, ndipo tobwera pambuyo timaima kudya tinzawo tophwanyikato, nato n'kupondedwa, mpaka msewu umachita kuterera. Mu 2005 akatswiri atatu, Gregory Sword, Patrick Lorch ndi Darryl Gwynne, analemba za momwe anamatira timawailesi ting'onoting'ono pamsana pa tizilombo tina kuti azitilondola. Tina anatisiya m'gulu, tina anatichotsa n'kukatiika patokha. Mwa tomwe tinaikidwa patokha, topitirira theka tinadyedwa ndi mbalame ndi mbewa m'masiku awiri okha, pamene ta m'gulu tinapulumuka. Apa zinadziwika kuti kachilomboka sikangachoke m'gulu, chifukwa kunja kuli imfa.

Koma m'katimonso muli imfa. Mu 2006 Stephen Simpson, pamodzi ndi Sword, Lorch ndi Iain Couzin, analemba za momwe anapitira ku Idaho n'kuika timbale kutsogolo kwa gulu loyenda. M'timbale tina munali chakudya chopatsa mphamvu, chonga ufa ndi shuga, m'tina munali chakudya chomanga thupi. Anaikanso thonje lonyowetsedwa ndi madzi wamba ndi lina lonyowetsedwa ndi madzi a mchere. Tizilomboto tinalambalala ufa uja n'kuunjikana pa chomanga thupi ndi pa mchere, mpaka kumenyanirana. Sitinali ndi njala, tinali ndi nkhuli. Akatswiriwo atatenga tina n'kutidyetsa zomanga thupi ndi mchere mokwanira, kudyana kunachepa, ndipo todya zomanga thupito tinachepetsanso kuyendayenda. Anaonanso kuti kachilombo kolephera kuyenda kapena kuponya mateche ndiko kankayamba kudyedwa. Pamenepo chinsinsi cha ulendo chinaululika. Aliyense m'gululo akuthamangira mnzake wapatsogolo, amene kwa iye ndi nyama, ndipo akuthawa wapambuyo, amene kwa iye ndi chilombo. Woima ndiye ndiwo za anzake.

Sipanapite nthawi, zomwezi zinayesedwa pa dzombe. Kale mu 2001 Simpson ndi anzake ku yunivesite ya Oxford anali atapeza, pogwiritsa ntchito kaburashi kopentera, kuti kukhudzakhudza ntchafu yakumbuyo ya dzombe la m'chipululu n'kokwanira kulisandutsa lokonda gulu m'maola ochepa. Mu 2008 Sepideh Bazazi ndi anzake analemba za momwe anadulira mtsempha umene umauza mwana wa dzombe kuti wakhudzidwa kumbuyo. Ana otere sankayendanso mwachangu monga anzawo, ndipo ankalumidwa ndi kudyedwa kwambiri. Ndiye kuti kuopa kulumidwa kumbuyo ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimakankha gulu. Mu 2023 akatswiri a ku Jena m'dziko la Germany, motsogozedwa ndi Bill Hansson, anapezanso kuti mtundu wina wa dzombe ukapanikizana umatulutsa fungo loletsa anzake kuudya, ndipo ana amene analandidwa mphamvu yotulutsa fungolo ankadyedwa msanga. Zonsezi zikutsimikiza zimene agogo anaona m'ngalande muja, kuti dzombe silidikira wodwala.

Kuno kummwera kwa Africa tili ndi m'bale wina wa bwanoni amene nkhuli yake njoposa onsewa. Ndi chilombo chonenepa, chopanda mapiko owulukira, chokhala ndi minga pamsana ngati chishango. Mtundu wake umodzi, Acanthoplus speiseri, umaononga mapira ndi chimanga ku Zambia, ndipo Keith Mbata wa pa yunivesite ya Zambia analemba za moyo wake kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Mtundu wina, Acanthoplus discoidalis, umasautsa alimi a mapira ndi mchewere ku Botswana, Namibia ndi Zimbabwe. Chimagwa pangala mbewu ikadali yamkaka, chimadya chinzake chopondedwa pamsewu, ndipo ku Botswana chinaonedwa chikukwera m'zisa za timbalame tofiira milomo tija timagwa m'mapira, n'kumadya anapiye. Chikagwidwa ndi buluzi kapena mbalame chimafinya magazi ake owawa kuchokera m'mfundo za miyendo, nthawi zina n'kusanza. Philip Bateman ndi Patricia Fleming, polemba mu 2009, anaonetsa kuti magaziwo amathamangitsadi abuluzi. Koma chida chimenechi chili ndi mtengo wake, chifukwa kwa zinzake fungo la magazi ndi chizindikiro cha wovulala. Chikangopulumuka kwa mdani chimayamba msanga kudzipukuta, kuopa abale ake.

Mwina wina angafunse kuti kudziwa zonsezi kuli ndi phindu lanji kwa mwana wa ku Chipoka kapena ku Lifuwu. Phindu lake likuoneka tikayang'ana ku Uganda. Kumeneko bwanoni amatchedwa nsenene, ndipo ngwolemekezeka kotero kuti mwa Baganda muli fuko lotchedwa ndi dzina lake, ndiponso mwezi wa Novembala amautcha Musenene. M'mizinda ya Masaka ndi Kampala anthu amaimika malata oterera pamwamba pa migolo, n'kuyatsa magetsi owala kwambiri. Bwanoni amathamangira kuwalako, amagunda malata n'kutsetserekera mumgolo, ndipo m'mawa amagulitsidwa m'matumba. Ndi malonda aakulu, koma a nyengo yochepa. Poona kuti bwanoni ali ndi mafuta ndi zomanga thupi zambiri, akatswiri a pa yunivesite ya Makerere, a ku Finland ndi a bungwe la icipe ku Nairobi akhala akuyesa, makamaka kuyambira m'zaka za m'ma 2010, kumuweta ngati nkhuku kuti azipezeka chaka chonse. Limodzi mwa mavuto aakulu amene anakumana nawo ndi lomwe lija la m'chitini changa. Abwanoni otsekeredwa pamodzi amadyana, makamaka wina akamafundula, thupi lake likadali lofewa. Akatswiri a ku Nairobi anapeza kuti akawapatsa tizilombo tina kuti adye, kudyanako kumachepa. Amene adzayambe kuweta bwanoni kuno kwathu, kumene ana ambiri amapinimbira chifukwa chosowa zomanga thupi, adzayenera kuyamba wathetsa nkhuli ya chiwetocho.

Tisaganize kuti banja lonse la bwanoni ndi la magulu osawerengeka. Mitundu ina yatsala pang'ono kutha. Ku Ulaya kuli mtundu umene Carl Linnaeus anaupatsa dzina mu 1758 lotanthauza wodya njerewere, chifukwa anthu a ku Sweden ankaugwira kuti uziwaluma njerewere za m'manja. Kachilomboka kamadya masamba ndi tiziwala tating'ono, ndipo kamafuna malo okhala ndi udzu waufupi wowotherapo dzuwa, udzu wautali wobisalamo, ndi dothi loyera loikiramo mazira. Ku England, mabusa akale atalimidwa, kanatsala m'malo owerengeka ndi zala, kotero kuti m'zaka za m'ma 1990 osunga nyama a ku London Zoo anachita kukaweta kuti akakabwezere kutchire. Dziko lolemera linataya ndalama kupulumutsa kachilombo kamene makolo awo ankakaponda ndi mapazi. Ine ndikamayenda m'madambo amene ndinkagwiramo bwanoni ndili mwana, ndimapeza ambiri asanduka minda ndi malo oumbira njerwa, ndipo otsalawo amapsa chaka ndi chaka. Bwanoni sadzatha chifukwa chodyana yekha, pakuti wakhala akudyana kuyambira kalekale. Chimene chingamuthe ndi kutha kwa udzu umene umabereka njere zake.

Pali chinthu china chimene mbiri imeneyi inandiphunzitsa, ndipo ndinachiphunzira m'nthawi yowawa. Mu Febuluwale 2002 boma linalengeza kuti dziko lagwa m'tsoka la njala, ndipo Salima linali limodzi mwa maboma amene anavutika kwambiri. Ndinali ndikuphunzitsabe. Mabenchi a m'kalasi mwanga ankachepa anthu sabata ndi sabata, ndipo amene ankabwera ankawodzera dzuwa lisanakwere. Anthu anadya gaga, mizu ya nthochi ndi chimanga chosakhwima. M'midzi imene mlendo sankadutsa osaitanidwa kunsima, anthu anayamba kudya atatseka zitseko. Ogwidwa akuba chimanga chachiwisi ankamenyedwa kodetsa nkhawa, ena anavulazidwa kwa moyo wawo wonse, ndipo owamenyawo anali anansi awo omwe. Sindikunena kuti munthu ndi bwanoni. Munthu ali ndi chikumbumtima, ndipo m'chaka chomwecho ndinaona amayi akugawana mbale imodzi ya phala ndi ana amasiye a eni ake. Koma ndinaona ndi maso anga kuti anthu aja sanasanduke oipa mwadzidzidzi. Chimene chinasintha chinali nkhokwe. Zokolola zitabwera, mtendere unabwerera m'midzi yomweyo.

Tsono tikaona zolengedwa zikutembenukirana zokhazokha, funso loyamba lisakhale lakuti n'zoipa bwanji, koma lakuti zikusowa chiyani, ndipo chazipanikiza pamodzi n'chiyani. Anthu a ku Utah ndi makolo athu a m'ma 1930 ankamenyana ndi gulu litafika kale pamunda, ndipo ankagonja. Alonda a dzombe anaphunzira kupita kudambo gulu lisanapangike. Oweta bwanoni akuphunzira kupereka chomanga thupi kudyana kusanayambe. Akuluakulu anati nkhanga zinapangana kusanapse, ndipo mwambi umenewu ngwoona padambo la Mpatsanjoka monga ulili woona pankhokwe ya banja ndi ya dziko.

Inu ophunzira, musaganize kuti nzeru zotere zimapezeka ku Oxford kokha. Zida zimene akatswiri aja anagwiritsa ntchito zinali timbale, thonje, mchere ndi kaburashi. Chimene anali nacho choposa ife ndi kudekha ndi kulemba zimene aona, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Nyengo ya bwanoni ikafika, tengani zitini ziwiri zoboola timabowo ta mpweya, muikemo abwanoni ofanana chiwerengero. M'chitini chimodzi muike udzu wokha, m'chinacho muonjezere usipa wosinja ndi kathonje ka madzi a mchere pang'ono. Muwerenge m'mawa, mubwereze masiku angapo, ndipo mulembe zimene mwapeza, kaya zikugwirizana ndi nkhani ino kaya ayi. Mufunsenso agogo anu mayina a ziwala zonse za kwanu, nyengo yake ndi zimene zimadya, muwalembe iwo akadali moyo. Agogo anga anamwalira osadziwa kulemba dzina lawo, ndipo zambiri zimene ankadziwa zinapita nawo.

Za mlandu uja wa 1970, agogo anagamula kuti ndikazinge abwanoni otsalawo ndi kupatsa achimwene gawo lalikulu, chifukwa chowanamizira kuba. Ndinawawerengera 15, ine n'kutsala ndi 10. Achimwenewo ndi nkhalamba tsopano, koma mpaka lero bwanoni akagwa amatuma mdzukulu kudzandifunsa ngati chaka chino ndatseka bwino chitini.